Munthu wa M'dzenje

Isake ndi mlamu wake Pilato ankacheka matabwa a mkungudza m'phiri la Mulanje. Macheka awo anali aja aatali ofuna anthu awiri. Isake ankaima pamwamba pa chipika n'kumatsata mzere wa makala, Pilato ankakoka ali m'dzenje, utuchi ukumuthira m'maso. Analibe bwana. Akacheka ankatsika nawo matabwa pamutu n'kugulitsa kwa aliyense wowafuna.

Chaka chimenecho nkhondo ya Jeremani inali itadya amuna. Asilikali a boma ankayenda m'midzi ndi chingwe kugwira amtengatenga oti akasenze katundu wa nkhondo kutali, ndipo obwerako anali ochepa, nawonso mafupa okhaokha. Isake ankaopa, tisabise. Ankati akamva nthambi ikuthyoka m'tchire, macheka ankamuima m'manja.

Tsiku lina kapitawo wa mzungu wa munda wa tiyi anawakwerera. Anati bwana wake akumanga nyumba yoyanikamo masamba, ndipo njira zilipo ziwiri. Akafuna, azicheka mwa okha monga kale, mzunguyo azingogula matabwa. Apo ayi, atsike akalembedwe ntchito mpaka nyumbayo ithe. Kumeneko kuli belu, kuli chikoti, koma wantchito wa mzungu asilikali samukhudza.

Pilato sanafune n'kumva komwe. Iye ndi mlongo wake Emma, mkazi wa Isake, anawoloka malire ali ana, kuthawa ntchito yokakamiza ya Apwitikizi.

"Alamu, munthu akakudziwa dzina wakugwira mwendo," anatero. "M'phiri muno akutidziwa ndani? Asilikali nkhungu iyi amaiopa."

Isake anayankha kuti matabwa sadyedwa, tsiku lina adzatsika nawo basi, ndipo chingwe chidzawapeza panjira. Anakangana mpaka chipika chinauma. Emma naye anatopa nawo, n'kuwauza kuti mapanga awiri avumbwitsa, asankhe chimodzi.

Isake sanadikire kuti agwirizane. Anatsika yekha mamawa n'kukalembetsa, podziwa bwino kuti macheka aja munthu mmodzi sangawakoke. Pilato anakhala m'phiri masiku angapo, kenako anawasenza macheka n'kumutsatira. Akanatani?

Anakumba dzenje latsopano kuseri kwa nyumba yomangidwayo. Ntchito inali yowawa, koma Isake anayamba kugona tulo. Asilikali ankadutsa pamsewu ndi anthu omangidwa m'chiuno, iye osawerama n'komwe. Ankamuseka mlamu wake kuti taonani, tikanakhala ife.

Denga litakwera, kunabwera mesenjala wa boma. Amuna m'midzi anali atatha, tsono munda uliwonse wa azungu unayenera kuperekako anthu ake. Mzungu sakanapereka othyola tiyi ake akalekale. Anayamba ndi aganyu ya nyumba, amene ntchito yawo inali kutha kale.

Mzunguyo anafika padzenje ndi kapitawo n'kuima, akuyang'ana macheka akukwera ndi kutsika. Isake anapitiriza kucheka, thukuta likudontha pamzere. Kapitawo anafotokoza kuti patsala matabwa a zitseko ndi mashelefu, ndiye ocheka sangachoke onse. Wapamwambayo ndiye mwini diso, koma kukoka pansi angakoke aliyense wa manja awiri.

Mzungu analoza m'dzenje.

Pilato anatuluka ali mbuu ndi utuchi. Sanalimbane, sanatukwane. Akumumanga chingwe anayang'ana mlamu wake amene anali chiimire pachipika.

"Mano a machekawo muzinola, alamu. Amene mupatsidweyo sadziwa."

Madzulo Isake anafika kunyumba. Emma sanayang'ane iye, anayang'ana njira kumbuyo kwake, n'kufunsa kuti achimwene atsalira kuti. Isake anangokhala pansi pakhonde. Mkaziyo anamvetsa, n'kulowa m'nyumba. Kulira kwake kunamveka mudzi wonse.

Kuthawira kuphiri sakanatha, poti tsopano kapitawo ankadziwa dzina lake, mudzi wake, ngakhale khomo la mkazi wake. Belu litalira anapita. M'dzenje munali bambo wina wachilendo amene ankakoka mokhotetsa, koma Isake sanamukalipire. Anayang'ana zipika zimene zinatsala, zinali zochepa zedi. Anayamba kucheka pang'onopang'ono, chifukwa thabwa lomaliza likadzagwa, naye adzakhala munthu wa manja awiri chabe.