Diso la Pakhoma

Norlia ankadina mabatani a chipangizo cha pakhoma choyendetsera makina oziziritsa m'chipinda, thukuta likuyenderera m'khosi. Linali tsiku lachinayi chiikireni bambo ake m'manda ku Ipoh, ndipo m'chipinda cha mayi ake munkatentha ngati mu uvuni. Makina oziziritsa ankangopuma mwaulesi.

"Uchiwonongatu," anatero mchimwene wake Hairul ataima pakhomo. "Ndinaika ndine chimenecho. Chili ndi diso. Chikaona mdima chimayesa mulibe munthu, ndiye chimachepetsa kuziziritsa kuti magetsi asamangopita. Ingotsegula makataniwo."

"Achimwene, kuwala kumawabaya m'maso Amayi. Chiwapwetekereni matenda a shuga zaka ziwiri zapitazo, makatani awa satsegulidwa. Mukanamabwera mukanadziwa."

"Wayambatu. Paja ndati tiwapezere malo kosamalira okalamba ku Kuala Lumpur. Iwe ntchito, ine ntchito. Atsala ndi ndani muno?"

"Opepesa maliro sanathe n'kubwera komwe, inu mwayamba kale kulongedza."

Pabedi, mayi Zaiton anatembenuka pang'onopang'ono, kansalu konyowa kali pamaso.

"Bambo anu ali moyo, muno simunkatentha," anatero.

"Anachisintha kapena?" anafunsa Hairul.

"Akanachisintha bwanji, anthu oti ndi wailesi yomwe inkawavuta? Tasuzumira kuseri kwa chitsekocho."

Hairul anasuzumira. Kunali kampando kathabwa, pamwamba pake pali katochi.

"Akangochokera kumzikiti masana ankakhala pamenepo, n'kumaunika kadisoko, dzanja linalo atatchingira kuti kuwala kusandifike. Mpaka dzuwa kupendeka. Mkono ukatopa ankasintha."

"Zaka ziwiri zonsezi? Osangondiimbira foni bwanji? Kukonza kwake n'kosachedwa, Amayi!"

"Ndinkawauza. Ankati, 'Mwana anachita kunyamuka yekha kudzatiikira. Tikadandaula aziona ngati anatilakwira.'"

Norlia anatuluka atagwira pakamwa.

Hairul anatambasula dzanja kuti adine mabatani, koma manambala sankaoneka bwino chifukwa cha misozi. Anabwerera m'mbuyo n'kukhala pakampando kaja, mawondo ali pafupi kugunda chibwano. Anayatsa tochi, kuilozetsa pakhoma, n'kutchinga ndi chikhatho. Patapita kanthawi makina anadzuka, mpweya wozizira n'kuyamba kutsikira pabedi.

Mayi Zaiton anakoka nsalu n'kufunda kumapazi.

"Kwezako dzanjalo pang'ono, mwanawe," anatero chapansipansi. "Iwo ankatchinga osasiya mpata."