Polishi Wouma pa Boneti

Kwathu galimoto imatsukidwa Loweruka m'mawa, dzuwa lisanafike pabwalo. Ndi yofiira, yakale ndithu, koma ukaima pambali pake umadziona nkhope mpaka ziphuphu zomwe. Mayi amaitchula kuti mkazi mnzawo. Amati iwo chikwatiwireni sanasisitidwepo choncho.

Kuyambira ndili wamng'ono ntchito yanga inali yogwira payipi basi. Polishi ankapaka Bambo okha. Koma nditamaliza sukulu, ndikungokhala pakhomo kudikira zotsatira za mayeso, anandipatsa chitini ndi nsalu ziwiri zoyera, n'kunena kuti msana wayamba kuwavuta. Ndinasangalala, ngakhale palibe anadziwa. Ine sindiyankhulayankhula. Achimwene amanditchula kuti a Phee, ndipo kusukulu aphunzitsi ena ankadabwa akandiona pa mayeso, kuti kodi mtsikana uyu ndi wa kalasi ino.

Malamulo a Bambo ndinkawadziwa pamtima. Umayambira padenga kutsika mmunsi. Ndowa zikhale ziwiri, ya sopo ndi yotsukuluzira siponji, kuti mchenga usakande penti. Polishi umapaka wochepa, mozungulirazungulira, n'kudikira kuti aume mpaka pachite mbuu, kenako upukute ndi nsalu inayo. Ukasiya kamzere ngakhale kamodzi, Bambo ankakaona ali pakhomo la nyumba, kapu ili m'manja.

Loweruka limenelo iwo anali m'nyumba kumvera wailesi. Ndinatsuka, n'kuumitsa, n'kupaka boneti yonse. Poidikira kuti iume ndinapita chakumanzere, pamwamba pa tayala lakutsogolo. Ndinapaka pang'ono, n'kutembenuza nsalu.

Inali yofiira.

Ndinaganiza kuti ndachotsa penti wa Bambo ndi manja angawa, sabata yanga yachiwiri yokha. Ndinayesa pachitseko ndi mbali yoyera, nsalu inatuluka yoyera. Ndinabwerera pamwamba pa tayala, inafiiranso.

Achimwene anatuluka akutsuka mano, thovu lili kukamwa. Atandiona anafunsa ngati a Phee aona njoka. Ndinangowapatsa nsaluyo. Anayang'ana, n'kulavula, n'kunjuta pambali pa tayala. Anandionetsa timadontho tofiira pa labala wakuda wa m'mphepete, n'kunena kuti sindinawononge kanthu. Malowo anapoperedwa penti watsopano, wothamangira, wopanda wonyezimira uja wapamwamba, n'chifukwa chake akusuluka. Getsi la mbali imeneyo nalonso linali latsopano, loyera kuposa linzake.

"Galimoto iyi inagunda chinthu," anatero motsitsa mawu. Kenako anawonjezera, ine ndisanafunse n'komwe, "Si ine."

Mayi ankadutsa ndi beseni la zochapa, ndipo mawu omalizawo ndi amene anawamva. Ataona nsalu ija sanafunse zambiri. Anangotembenukira kwa Achimwene, paja iwo angotenga kumene laisensi ndipo sapita tsiku osapempha makiyi. Anawauza kuti aulule msanga bambo awo asanatuluke, mwina angawathandize kupepesa. Achimwene analumbira kuti galimotoyo saloledwa ngakhale kuitsamira, ndiye akanaigunditsa kumaloto? Mayi anati nanga ndani, popeza bambo awo zaka zonsezi sanagundepo ngakhale nkhuku.

Mkanganowo unali wonong'ona, ndipo unatha chitseko chitangolira.

Bambo anatuluka atavala jekete, makiyi akulira m'manja. Ananena kuti akupita ndi Nyerere kukagula nsapato za kusukulu. Nyerere ndi mng'ono wanga, chitsiriza m'nyumba mwathu, ndipo dzinali analipeza chifukwa cha shuga. Ine ndinabisa nsalu kumbuyo. Ndipamene ndinakumbukira boneti.

Inali mbuu yonse, ngati yawazidwa ufa. Polishi anali ataumiratu. Choipa kwambiri, pamene ife tinali kutayala, Nyerere anali atajambulapo ndi chala chinkhope chachikulu chokhala ndi makutu ngati mbale. Mwiniwake anali atabisala kale kuseri kwa Mayi.

Bambo anaima kutsogolo kwa galimoto, manja kumbuyo, monga amachitira nthawi zonse. Anayang'ana nthawi yaitali. Ine ndinaweramitsa mutu kudikira mawu.

"Ehee," anatero. "Kuwala kwake n'kumeneku. Mwana uyu wandiposa."

Mayi anaseka, poganiza kuti ndi chipongwe. Koma Bambo sanaseke nawo. Anali akugwedeza mutu mokhutira, maso ali pa chinkhope chija, osachiona. Kuseka kwa Mayi kunathera panjira.

Sindidziwa kufotokoza bwino zimene ndinamva. Zinthu zing'onozing'ono zinabwera m'mutu mwanga pamodzi. Mauthenga a pafoni amene ankandiuza kuti ndiwawerengere ati chifukwa ali ndi manja onyowa. Dzanja lawo likuyenda pakhoma akamatsika masitepe. Msana wovuta uja, koma dzana lomweli ananyamula okha thumba la simenti. Ndiponso Nyerere, amene m'mawa uliwonse amakhala mpando wakutsogolo, kumanzere, mbali yomwe ija.

Ndinayang'ana Mayi. Ndinayang'ana Achimwene. M'nyumba mwathu Bambo safunsidwa mafunso, makamaka okhudza galimoto. Nyerere, ataona kuti sakukalipiridwa, anathamanga n'kutsegula chitseko chakutsogolo, n'kuyamba kukwera.

Pamenepo ndinachita chimene sindinachitepo chibadwire. Ndinagwira dzanja la Bambo, n'kuliika pa boneti.

Zala zawo zinayenda pang'ono, n'kuima. Polishi wouma amakhakhala, ndipo dzanja limenelo lamudziwa zaka zambiri kuposa zanga. Anapukusa zala, ufa woyera n'kugwa. Ndinawaika nsalu ija m'manja.

"Ababa, yafiira. Yachokera pamwamba pa tayala ili." Kenako ndinawonjezera, "Nyerere asakwere."

Ndinkayembekeza kuti akalipa. Mwina zikanakhala bwino akanakalipa. M'malo mwake anafufuza ndi phazi ndowa imene ndinavundikira, n'kukhalapo, jekete lawo labwino likukhudza pansi ponyowa. Sindinawaonepo Bambo atakhala pansi choncho ife tonse titaimirira.

Anafotokoza osayang'ana munthu. Zinachitika mwezi watha, pageti la sukulu ya Nyerere, atangomutsitsa. Dzuwa la m'mawa linawalowa m'maso, ndipo zonse zinachita ngati nkhungu. Anangomva kuphulika kwa getsi. Tsiku lomwelo anakaisiya galimotoyo kwa owongola magalimoto, kunyumba n'kunena kuti ili ku sevisi. Diso lakumanzere linayamba kuvuta kalekale, lakumanja likutsatira. Kuchipatala sanapite, poopa kuti akauzidwa kuti asiye kuyendetsa.

Mayi anaika beseni pansi pang'onopang'ono.

"Munagunda chiyani, bambo a Nyerere?"

"Chipilala."

"Chija ana amatsamira podikira belu?"

Bambo anavomera ndi mutu. Mayi anagwira pakamwa, n'kupita kukamutsitsa Nyerere m'galimoto, ngakhale injini inali yozima. Anamukumbatira mpaka mwana anadandaula kuti akumupweteka. Kenako anayang'ana Achimwene ngati akufuna kupepesa, koma Achimwene anali akuyang'ana mswachi wawo ngati sakuudziwa.

Tinakhala choncho, madzi a payipi akuyenderera kulowera kugeti. Mapeto ake Bambo anatambasula dzanja la makiyi. Analozetsa pambali pang'ono, pamene panalibe munthu. Achimwene anasuntha mwakachetechete n'kukaima pamenepo, n'kulandira ndi manja awiri. Makiyi amene akhala akuwalirira miyezi yonseyi anawagwira ngati ndi otentha.

Nsapato sizinagulidwe tsiku limenelo. Bambo anavula jekete, n'kupempha nsalu yoyera. Anati polishi akakhalitsa amavuta kuchoka. Tinapukuta awiri, iwo dzanja limodzi likutsogola kufufuza, lina likutsatira ndi nsalu. Mbali yawo inawala kuposa yanga. Atafika pakati anaima, chala chikutsata mzere.

"Nanga ichi n'chiyani?"

Ndinawauza kuti ndi nkhope, wajambula Nyerere.

"Ya ndani?"

"Akuti ndi yanu."

Anatsata khutu limodzi mpaka kumapeto, n'kunena kuti mwanayo alibe ulemu. Koma anayamba apukuta kwina konse, nkhopeyo n'kuimalizira.

Lolemba anayendetsa Achimwene, kukasiya Nyerere kenako kuchipatala cha maso. Adokotala akuti ndi ng'ala, ndipo diso limodzi alichita opaleshoni mwezi wamawa. Ine ndinakhala kumbuyo. Bambo anakhala kumanzere, akudandaula njira yonse kuti magiya akuphedwa. Titafika pageti la sukulu anasiya kuyankhula. Pachipilala paja panali patatsamira tiana titatu, tikudyerana masiwiti, ndipo mmunsi mwa zikwama zawo munali mzere wofiira, penti wa galimoto yathu. Ndinauona ine ndekha.