Kahamala ka a Zubairu

Ramla anatsegula bokosi la zida la bambo ake pofuna sipanala basi, yoti amalume ake a Sadiki amangire gudumu la njinga. Atangokweza chivundikiro, anayang'anamo kawiri. Chida chilichonse chinali pamalo pake pojambulidwa ndi penti yofiira, kupatula chimodzi. Pomwe pankakhala kahamala kakang'ono panali pululu.

A Zubairu, omwe anali atangoikidwa m'manda Lachisanu, anakalambira pa ntchito yophunzitsa amisiri ofufuza ndi kukonza matupi a ndege. Atapuma n'kubwerera kwawo ku Ntaja, khalidwe la kuntchito linawatsata. Munthu ameneyo sankagona chida chisanabwerere m'bokosi. Ankati sipanala yoiwalidwa m'phiko imapha anthu osalakwa. Tsiku lina anadzutsa nyumba yonse kusaka pulayala yomwe inapezeka m'thumba la mkanjo wawo womwe, ndipo akazi awo, a Asiya, anawaseka nayo nkhaniyo mpaka imvi.

Kahamalako ndiye kanali ka pamtima. Ankagogoda nako thupi la ndege pang'onopang'ono, khutu lili tcheru: pabwino pamalira ngwee, pomwe pali mng'alu mkati pamalira ngati dzungu. Mwana akamapita kusukulu, ankamugogoda pachipumi ndi chala, kumvetsera ngati zenizeni, n'kulengeza kuti ndegeyi ilibe mng'alu, iuluke. Ramla anayamba kuphunzira kugogodako pa mabeseni a mayi ake, ndipo tsopano anali m'chaka chomaliza pa sukulu ya ntchito yomweyo. Mayeso a manja ankayamba sabata yotsatira, ndipo wojomba malo ake ankapatsidwa wina.

Koma dzulo lake, anthu a sadaka ya maliro atabalalika, a Sadiki anali atagamula kale kuti Ramla sabwerera kusukulu. Anati mlongo wawo walowa eda, miyezi ija mkazi wamasiye satuluka pakhomo. Nanga madzi atunga ndani, kuchigayo ndi kumsika apita ndani? Mwana wamkazi analipo mmodzi yekhayo, ndipo ndege, anatero, sizithawa. Amalume sabwezeredwa mawu pamaliro, komanso chomupweteka kwambiri Ramla chinali chakuti ankanena zoona. Anakalirira kubafa kuti asamumve munthu.

Atapereka sipanala ija, analowa kuchipinda kumene mayi ake anakhala pamkeka.

"Amayi, kahamala kasowa."

A Asiya anapisa pansi pa pilo n'kukatulutsa, chogwirira chake chili see ndi dzanja la mwiniwake. Anamufotokozera kuti tsiku lomwe ankapita nawo kuchipatala ku Balaka, galimoto likudikira panja, a Zubairu anaitanitsa bokosilo. Anachotsa kahamalako okha, n'kutseka bokosi muli malo opanda chida. Chikwatiranireni, a Asiya anali asanaonepo zoterozo, moti anadziwa pomwepo kuti amuna awo sabwerera.

"Anati ndikupatse iwe, koma ndikuuze kuti akubwereka, sanakupatse iyayi. Udzabweze wekha m'bokosimo ukadzamaliza sukulu."

Ramla anayesa kunena za madzi, za chigayo, za amalume. Mayi ake anamudula. Anati a Bernadetta oyandikana nawo nyumba anali atavomera kale kutunga madzi, monga iwo anawatungira pomwe a Bernadettawo anathyoka mwendo. Za Sadiki asadandaule, ameneyo anamubereka kumsana ali wamamina, alankhula naye okha.

"Bambo ako ukuwadziwa, sagona chida chili kunja," anatero. Anayesa kuseka, koma misozi inawatsogolera. "Ndiye usawachedwetse, mwanangu."

Zomwe anakambirana a Asiya ndi a Sadiki masana amenewo Ramla sanazimve. Anangoona kuti m'mawa a Sadiki afika ndi njinga, nkhope ili ndwii, n'kumangirira chikwama chake kumbuyo. Anakoka chingwecho kawiri kuona ngati chagwira, ndiye anayamba kukankha njinga kulowera ku siteji ya minibasi.

A Asiya anamuperekeza mpaka pachitseko cha mpanda, poti kupitirira apo sankaloledwa. Ramla anagwada kutsanzika, kahamala kali m'thumba la jekete, kakumugunda m'nthiti. Mayi ake anamuyang'ana nthawi yaitali. Kenako anapinda chala, anamugogoda pachipumi, apa, apa, ndi apa, n'kupendeketsa mutu kumvetsera monga ankachitira mwini ntchitoyo.

"Ilibe mng'alu," ananong'ona. "Iuluke."