Amake Veronika

Lamulo loyamba limene Cyprian anaphunzira pa utolankhani linali lakuti dzina la mwana wochitiridwa nkhanza silitchulidwa pa wailesi. Ankalidziwa bwino, mpaka ankakumbutsa anzake.

Mu 2003, nyengo yothyola fodya, anamva kuti Goliati, kapitawo wa pa esiteti ina cha ku Mavwere, wagwiririra mtsikana wa zaka khumi ndi ziwiri, mwana wa tenanti. Cyprian anapalasa njinga kuchokera pa Boma, makina ojambulira mawu ali m'chikwama. Anawapeza mayi a mwanayo m'chigafa akusoka fodya.

"Ife ndife obwera, kwathu n'ku Thyolo," anatero mayiwo. "Mukatitchula, tilowera kuti?"

"Dzina lanu silimveka, mayi. Ndikulonjeza."

Silinamvekedi. Cyprian analeredwa bwino, munthu wamkulu sankamutchula dzina ngati mnzake wosewera naye. Atayatsa makina anafunsa mwaulemu, monga aliyense akanafunsira: "Amake Veronika, tiuzeni zimene zinachitika."

Kasetiyo anaitumiza ku Lilongwe pa minibasi. Nkhani inaulutsidwa Lachitatu masana, iye akumvera pa golosale ya Anasi pamsika. Mawu ake atamveka, Anasi anasiya kupima shuga.

"Achimwene, Veronika ameneyu ndiye ndani?"

Cyprian anayasama. Veronika anali mwana woyamba wa mayi aja, yemweyo amene anagwiriridwa.

Nkhaniyo inagwedeza anthu. Goliati anamangidwa. Mabungwe anabwera pa Boma ndi magalimoto awo, kunachitika msonkhano, ndipo eni maesiteti anavomera kuti akapitawo asamatumenso ana a matenanti kunyumba zawo. Cyprian anamuimiritsa n'kumuwombera m'manja. Bwana wina anati, "Nkhani ya Veronika yatitsegula maso." Aliyense ankaitchula choncho, nkhani ya Veronika.

Patatha milungu itatu anabwerera ku esiteti kuja, makina atawasiya. Anapeza mayi aja pakhonde akukulunga mapoto m'chitenje.

"Mwabwera kudzajambulanso?"

"Ndabwera kudzapepesa."

"Kusukulu anzake akumuitana kuti mayi kapitawo. Pamjigo azimayi akamuona amasiya kupopa, n'kumamuyang'ana. Pano satulukanso m'nyumba. Komatu wailesi yanuyo imafika mpaka ku Thyolo. Alongo anga alemba kalata."

"Koma dzina lanu sindinalitchule, monga ndinalonjezera."

"Langa?" Mayiwo anaseka kamodzi, kuseka kouma. "Langa amalidziwa ndani? Ndine Tabeth. Mukanati Tabeth, ngakhale amuna anga akanafunsa kuti ameneyo ndiye uti."

Mayiwo anamuuza kuti m'mawa akuwoloka malire, kukafuna ntchito m'mafamu a ku Chipata. Kumeneko mtsikanayo akamulembetsa dzina lina kuti akayambirenso sitandade faifi.

Cyprian anayang'ana chitseko chotseka cha kanyumbako. M'kati munthu anatsokomola. Mwana amene dziko lonse linkamudziwa dzina, iyeyo anali asanamuonepo nkhope, ndipo analibe mtima wopempha kumuona.

Anagwira njinga yake kuti atsazike.

"Muyende bwino, amake..."



"Malizani," anatero mayiwo, akumangitsa mfundo ya chitenje ndi mano. "Lero musaope. Si makina mwawasiya kunyumba?"