Kabati ya a Fackson

Mabuku aja anafika mu 1978 pa sukulu ina ya kufupi ndi Sinda, makumi anayi, a zithunzi zoseketsa okhaokha. A Fackson Banda, ahedi a pasukulupo, anangowanunkhiza n'kuwatsekera m'kabati. Amati ana angawadetse, ndipo woyendera sukulu ayenera kudzawapeza ali atsopano. Makiyi ankayenda nawo m'khosi ngati chithumwa.

Ursula Mbewe, mphunzitsi wa Giredi 2, zimenezi zinkamuwawa kwambiri. Ana ake ankangoyasamula pa bolodi, pamene mabuku akugona tulo kuseri kwa khoma. Patatha chaka, ahedi anamupatsa makiyi kuti akatenge choko. Iye anatulukamo ndi mabuku khumi atawabisa m'chitenje.

Tsiku limenelo kalasi inachita kugwedezeka. M'buku lina munali nkhumba yovala chipewa, ikupalasa njinga mpaka kukagwera m'dambo. Mwajuma, kamtsikana kamene chibwerere sikanatsegule pakamwa, kanaseka mpaka misozi, kenako kanaloza pansi pa chithunzi.

"Aphunzitsi, apa alemba kuti chiyani?"

Phokosolo ndi lomwe linaitana ahedi. Ataona zala zafumbi pa mapepala, maso anafiira.

"Mayi Mbewe, bwezani mabukuwo lero. Apo ayi ndilemba kalata, mukaphunzitse kutali ku Vubwi."

Ursula anachita mantha, tisaname. Amayi ake anali odwala ku Sinda komweko, ndipo wowasamalira anali iye yekha. Koma anayang'ana Mwajuma, chala chidakali pa zilembo.

"Lembani, ahedi. Mabukuwa sabwerera kundende."

Kalata inalembedwadi, ikungodikira woyendera sukulu kuti adzaitenge. Mabuku khumi aja anapitiriza kuyenda m'manja, anada, ena anasokedwa ndi ulusi wa thumba.

Woyendera anabwera nthawi ya dzinja. Mlendoyo ali pakhomo kusaina buku la alendo, ahedi anatsegula kabati monyadira, n'kuuma pomwepo. Chiswe chinali chitamanga nyumba! Mabuku makumi atatu, osadetsedwa ndi mwana aliyense, anali dothi lokhalokha.

A Fackson anathamanga ngati ayiwala msinkhu wawo mpaka ku Giredi 2.

"Mayi Mbewe, chonde, tibwerekeni khumi aja," ananong'ona.

"Kalata ya ku Vubwi ili kuti?"

Anaitulutsa m'thumba la jekete n'kuing'amba, thukuta lili kamukamu.

"Zikomo," anatero Ursula. "Koma mabukuwa si anga. Apempheni eni ake."

Ahedi anatembenukira kwa ana. Aliyense amene anali ndi buku analikumbatira pachifuwa. Mwajuma anayang'ana manja a ahedi, ofiira ndi dothi la chiswe, ndipo anapukusa mutu.

"Mukasambe kaye m'manja, ahedi. Mungatidetsere nkhumba yathu."