Hita ya Mkamwini

Khumbo anadinanso batani la hita ya m'galimoto yake n'kutchera khutu. Feni inayamba kuzungulira pansi pa mpando, kenako kunamveka ta, ta, ta, moto n'kuyaka. Asanawerenge n'komwe mpaka khumi, moto uja unazima, kagetsi kofiira n'kuyamba kuphethira. Kuyambira dzulo lake madzulo zinali zomwezo, ndipo m'mawa wa Loweruka umenewo Khumbo anadzuka mphuno zikuchucha, chifuwa chili pakhosi.

Galimotoyo inali ya mtundu uja wokhala ndi bedi, sinki ndi kachitofu mkati, umene kuno kwa azungu amati kampavani. Khumbo anaigula yakale kwa nkhalamba ina ya ku Dagenham, akulota zomapita kunyanja ndi mkazi wake Effie nyengo yotentha. Kunyanjako anapitako kamodzi kokha basi. Zaka ziwiri galimoto inangokhala pakhomo pa fulati yawo ku Barking, mpaka mwezi wa Novembala umenewu pamene inapeza ntchito yeniyeni.

Effie anali atachira mwana wamkazi, Luntha, koma pa opaleshoni, ndipo mayi ake anabwera kuchokera ku Mponela kudzamusamalira. Fulatiyo inali ya chipinda chimodzi. Mayiwo ankagona pabalaza, pomwenso panali njira ya kubafa. Nanga mkamwini waulemu wake angadutse bwanji pogona apongozi, thaulo lili m'chiuno? Komanso mayiwo anali achikale, oti akaona Khumbo akulowa ankayang'ana kumbali, moni n'kumupereka kudzera mwa Effie. Khumbo sanadikire kuuzidwa. Anatenga mabulangete n'kusamukira m'galimoto, kusamba n'kumakasambira kuchipatala komwe ankagwira ntchito yokankha odwala. Kunena zoona ankasangalala nazo. Sabata yonse anagona tulo tabwino motenthera, kulira kwa khanda kukumvekera patali.

M'mawa umenewo Effie anatuluka pang'onopang'ono, dzanja lina pamimba, lina litagwira kapu ya tiyi. Anamuuza kuti mayi amva kutsokomola kwake ndipo alongedza kale chikwama. Akuti sangaphetse mwana wa eni ndi chisanu. Apita kwa msuweni wawo, a Winfrida a ku Lewisham, kuti mwini nyumba abwerere m'nyumba mwake.

"Akapita ku Lewisham ine nditani, bambo a Luntha? Kuwerama sindikutha. Inu mukakhala ku shift, mwana andisambitsire ndani?"

Khumbo anamuuza kuti awapemphe mayi adikire, dzuwa lisanalowe hita ikhala itayaka. Analankhula molimba mtima ngati munthu wodziwa, chonsecho poyambira sankapadziwa.

Anawoloka msewu kukagogoda kwa a Chisenga, bambo wa ku Lusaka amene ankagwira ntchito yokonza mabasi. A Chisenga anabwera atavala jekete pamwamba pa zovala zogonera, kamita koyezera magetsi kali m'thumba. Anali munthu wosapupuluma, woti ukamufulumiza ndiye amachedwa kwambiri. Anayamba ndi gasi. Ananyamula botolo lofiira lija, n'kupeza kuti n'lolemera ndithu. Anayatsa chitofu, moto n'kutuluka wabuluu bwinobwino. Anafotokoza kuti likanakhala botolo labuluu akanalikayikira, poti gasi wake amachita ulesi kukazizira, koma wa m'botolo lofiirayu chisanu sachiopa. Anayeza batire, inali yodzaza. Fyuzi nayo inali yamoyo. Kenako anagwada n'kutsegula pansi pa mpando, kupukuta fumbi pa kachitsulo kothethetsa moto, Khumbo akuwaunikira ndi foni. Ntchito yonseyi inadya maola awiri, kuphatikizapo nkhani ya mabasi atatu amene a Chisenga anawaukitsa kwa akufa.

Anadinanso batani. Ta, ta, ta, moto, kenako zii.

"Ba Khumbo, iyi hita ilibe problem," anatero a Chisenga akudzuka. "Iyaka bwino, manje ikangiwa kupuma. Kuli chamene chaigwira pakhosi. Tiyeni panja."

M'mbali mwa galimoto, cha m'munsi, munali kachiboo kozungulira kokhala ndi chivundikiro cha mipatamipata. Apo ndi pomwe hita imakokera mpweya ndi kutulutsira utsi wake. A Chisenga anamasula chivundikirocho, kupisa zala ziwiri, n'kuyamba kukoka. Panatuluka kansalu. Anapisanso, panatuluka kena, kenako kachitatu, tonse tong'ambidwa mofanana, tokanikizidwa mwaluso ndi kamtengo.

A Chisenga anapsa mtima. Anati awa ndi ana opulupudza a mumsewu muno, ndipo nkhani yotere njofunika apolisi. Mwayi wake hitayo imadzizimitsa yokha ikasowa mpweya. Ikanakakamira kuyaka, utsi woipa ukanatha kubwerera mkati, munthu n'kupitira kutulo.

Khumbo anayang'anitsitsa tinsaluto. Nsaluyo ankaidziwa, yobiriwira ya madontho achikasu. Chinali chitenje chatsopano chimene apongozi anavala potsika ndege. Anaika tinsaluto m'thumba n'kudina batani. Ulendo uno moto unayaka n'kukhazikika, mpweya wofunda n'kuyamba kumunyambita m'miyendo. Anawathokoza a Chisenga, n'kuwapempha kuti za apolisizo aziiwale.

Anamuitanira Effie pakhomo n'kumuonetsa tinsalu tija. Effie anagwira pakamwa. Anakumbukira kuti dzulo lake mayi, atamaliza kusesa panja, ananenadi kuti apeza chiboo cholowetsa mphepo kogona bambo a Luntha ndipo achitseka, koma iye anali pakati poyamwitsa, sanaikeko nzeru. Anatembenuka kuti akawauze zonse, mpaka za utsi womwe. Khumbo anamugwira dzanja.

Mumtima mwake munali chimwemwe chosakanikirana ndi chisoni. Zaka zinayi za ukwati, mayi amenewa anali asanamuyang'anepo m'maso, ndipo nthawi zina ankadzifunsa ngati amamuwerengera n'komwe. Lero ndiye wadziwa kuti anagwada pa simenti yozizira, kung'amba chitenje chawo chatsopano, kuti iye asazizidwe. Kuwauza kuti anatsala pang'ono kumuvulaza, manyazi okhawo akanawakweza sitima ya ku Lewisham tsiku lomwelo. Kusawauza kanthu, mawa akanachitsekanso chiboocho, mwinanso molimba kuposa dzulo.

Analowa m'khonde n'kunjuta kunja kwa chitseko cha pabalaza. Mkatimo apongozi anakhala pa mpando atavala kale juzi ya paulendo, mdzukulu ali pamiyendo. Khumbo analankhula kwa Effie, koma mokweza pang'ono kuti mawu alowe.

"Muwauze mayi kuti hita yayaka. Chiboo chakunja chija ndi popumira pake, chimafunika chizikhala chotsegula. Kulakwa n'kwanga, sindinafotokoze. Koma mphepo yondivutitsa ine imalowera pansi pa chitseko cha galimoto. Akanati andisokere kanthu kotchingira pamenepo, bwenzi ndikugona bwino."

Effie anabwereza mawuwo onse, ngakhale kuti mayi ake anali atawamva kale. Khumbo anangoti maso pansi, akumva kamwana kakuyamwa chala.

"Uwafunse bambo a Luntha," anatero mayiwo kenako, "chitsekocho n'chachikulu bwanji."

Pansi pa chitseko chimenecho sipankalowa mphepo ngakhale pang'ono, koma Khumbo anawolokanso msewu kukabwereka tepi kwa a Chisenga, n'kuyeza mosamala kawiri konse. Pobwera ndi muyezo anapeza apongozi atavula juzi ija, zovala zawo akuzibwezera m'kabati, singano ataibaya kale pa bulauzi.