Kukatenga Bambo Madzi Ataphwa

Amayi atayamba kukana ngakhale msuzi wa nkhono, anatiitana ine ndi mchimwene wanga Abelardo.

"Mudzandiike pambali pa bambo anu."

Abelardo anayang'ana kudenga. Manda amene Bambo anagonamo anamira pa chivomezi cha 1960, ife tili ana. Dziko lonse la kuno kumathiriro a mtsinje wa Maullín linatitimira msinkhu wa munthu, mafunde n'kubwera kudzasesa zotsala. Kuyambira pamenepo m'manda muja mumayenda nkhanu. Madzi a m'nyanja kuno amadzaza ndi kuphwa tsiku lililonse, ndipo akaphwa kwambiri, mitanda yachitsulo imasuzumira m'matope, basi.

"Ndiye oyimba akayime m'bwato, Amayi?" anatero Abelardo.

"Iwe, ndinakubereka ndine. Usandiseke."

Masiku amenewo kudambo kunali mtsikana wa ku yunivesite, dzina lake Ximena, amene ankangokumba maenje ngati wataya mphete. Ankadzagula mbatatesi kwathu. Sindikudziwa wapakamwa amene anauza Amayi kuti mtsikanayo akuti dziko likukweranso, koma Amayiwo anaumirira kuti ndimulowetse kuchipinda.

"Mwana wanga, akuti mtunda ukubwerera. Zoona?"

"Zoona, agogo."

Nkhope ya Amayi inawala. Ximena anatenga mbale ziwiri, n'kulowetsa m'mphepete mwa ina kunsi kwa inzake. Anati thanthwe la pansi pa nyanja limalowa kunsi kwa dziko lathu, koma awiriwo amakolana. Likamakankha, gombe limapindika n'kumakwera pang'onopang'ono. Tsiku lina pokolana paja pamapulumuka. Pansi pa nyanja pamatumphuka n'kunyamula madzi onse, ndiwo mafunde aja, ndipo gombe limagwa. M'maenje ake anapeza dothi, mchenga, matope, kenako dothinso, mchenga, matope. Zinachitikapo kangapo makolo athu asanabadwe.

"Za mbalezo zisiye," anatero Amayi. "Manda adzauma liti?"

Mtsikana uja anandiyang'ana ngati ndimupulumutse. Kenako anayankha yekha.

"Mwina zaka mazana angapo, agogo. Ndipo akadzauma, ndiye kuti chivomezi china chayandikira."

Ndinamuda tsiku limenelo, ngakhale sanalakwe kanthu. Amayi anatembenukira kukhoma. Mawa lake anati, "Brunilda, ngati ine sindingatsike, mukawatenge bambo anu akwere kumtunda kuno."

Tinadikira kuti mwezi kumwamba ukhale wathunthu, pamene madzi amaphwa kwambiri. Tinatsika m'mamawa ndi ngolo ya ng'ombe, mafosholo ndi kabokosi kamene Abelardo anakhoma ndi matabwa a bwato lakale. Mtanda wa Bambo tinaupeza, wopendekeka, nkhono zitamatirira paliponse. Tinakumba. Matope akuda, onunkha, amene ukachotsa fosholo imodzi ziwiri zimabwerera. Kunsi kwake mchenga wotuwa, uja anabwera nawo mafunde. Tinakumbabe mchengawo mpaka m'chiuno, dzenje likudzaza madzi, Abelardo akutukwana fosholo ngati ili ndi makutu. Panalibe thabwa, panalibe fupa, ngakhale batani la malaya. Mafunde aja anakokolola manda asanawakwirire.

"Madzi akubwera, mlongo," anatero Abelardo. Ng'ombe zinali zitayamba kupondaponda.

Ndinalira ngati kamwana, mkwiyo ndi chisoni pamodzi. Kenako ndinayamba kuthira mchenga m'kabokosi kaja. Abelardo sanafunse. Anangokhoma misomali.

Tinakaika pabedi la Amayi, madzi akudontha m'makona. Anakasisita, n'kuyesa kukakokera kufupi. Sikanasunthe.

"Mwamupeza?"

"Tamupeza, Amayi."

"Froilán anali wowonda ngati nkhafi. Wanenepera kuti chonchi?"

Abelardo anatuluka, ndinamumva akufwenthera kuseri kwa khola la nkhosa. Amayi anagogoda kabokosiko ndi chala, n'kumvetsera. Anadziwa, ndipo anaona kuti ndadziwa kuti adziwa.

"Ndi mchenga wa pamalo pake penipeni?"

"Inde, Amayi. Pansi pa mtanda."

Anaika dzanja pathabwa lonyowalo.

"Mudzauike pambali panga choncho. Wagona mumchengawu zaka zambiri kuposa zimene anagona pambali pa ine."